Khonde: Malo Olandirirapo Mlendo

Mawu ambiri otchulira zinthu za m'nyumba za masiku ano ndi obwereka. "Tebulo" tidatenga ku Chingerezi, "zenera" ku Chipwitikizi kumene amati janela. Koma "khonde" silidachokere ku zinenero zimenezi. Likachuluka timati "makonde", monga momwe khasu limakhalira makasu ndi khutu makutu. Angerezi ali ndi mawu awo awiri: porch, lochokera ku Chilatini kumene porta ndi khomo, ndi veranda, limene adalitola ku India. Komabe atafika kuno adabwereka lathu, ndipo kufikira lero Chingerezi cha ku Malawi chimati khonde.

Khonde lidabadwa chifukwa cha mvula. Chipupa chomata ndi dothi chimakokoloka chikanyowa, choncho makolo ankatalikitsa denga la udzu nalichirikiza ndi nsanamira kuzungulira nyumba. Pansi pake amayi ankakwezapo ndi dothi napazira bwino. Malo otchinjiriza chipupawo adasanduka pokhala anthu. Kuno ku Mchinji mpamene timaswera mtedza, kusoka fodya ndi kukonola chimanga.

Ntchito yake yaikulu, komabe, ndi ya malire. Mlendo amaima pabwalo nanena "Odi!" Akamuyankha, amamuyalira mphasa pakhonde. Pamenepo wafika pakhomo koma sadalowe m'nyumba. Amapatsidwa madzi akumwa, malonje amachitika, ndipo eni nyumba amakhala atamuona bwino asanamulowetse. Ankhoswe amakambirapo za banja, ndipo maliro akagwa, obwera kudzakhuza amasendera pomwepo pamene m'nyumba mwadzaza amayi.

Atsamunda adalipatsa khonde ntchito ina. M'chaka cha 1898 asilikali a Britain adagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo boma la dera lino lidatchedwa Fort Manning, potengera William Manning yemwe adatsogolera nawo nkhondoyo. Nyumba ndi maofesi a azungu adazimanga ndi makonde otakata pothawa kutentha. M'midzi khonde linkaitana munthu kuti asendere pafupi, koma pa boma linkamuuza polekezera. Wodzapereka msonkho wa nyumba kapena wodzadandaula ankadikira kunja kufikira mesenjala atamuitana. Chizolowezi chodikira pakhonde la ofesi sichidathe ndi ufulu wa 1964.

Tikayang'ana mapu, Mchinji yemwe ndi khonde la dziko lino. Wochokera ku Chipata podzera pa Mwami amapondamo kaye asanafike ku Lilongwe, ndipo njanji idafika kuno mu 1980. Achewa ndi Angoni a mbali zonse ziwiri za malirewa ndi pachibale, amayenderana pa maukwati ndi pa maliro.

Lero pa boma ndi m'misika ikuluikulu, makonde ambiri atchingidwa ndi zitsulo poopa akuba, ndipo nyumba zazunguliridwa ndi mipanda ya njerwa. Manthawo ndi omveka. Koma mlendo akamagogoda pa geti, timangotsala ndi njira ziwiri, kumulowetsa kapena kumubweza. Khonde linkapereka njira yachitatu, yomulandira munthu amene sitinamudziwe bwino popanda kumutsegulira nyumba yonse. Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Omanga nyumba atsopano azikumbukira kumusiyira pokhala.