Kodi Nkhawa ya Mwana Ingapimidwe pa Pepala?

Mu 1973 a Robert Serpell a pa University of Zambia anayamba kuceza ndi akulu-akulu a m'midzi ya ku Katete. Anapeza kuti kwa Acewa mwana wanzelu si wocenjela cabe, koma wotumikila ndi wokhulupilika. Mayeso ocokela ku Ulaya sanali kupima zimenezi.

Mu 1979 iwo anafalitsa zotsatila za mayeso ena. Popanga zinthu ndi waya, ana a ku Zambia anaposa a ku England; pojambula ndi pensulo, a ku England ndiwo anapambana; poumba anafanana. Cipimo cimakondela amene anacizolowela.

Phunzilo limeneli likhudzanso nkhawa. Mu 1998 a Susan Spence a ku Australia anafalitsa mafunso opimila nkhawa ya ana. Mafunso otele amayesedwa pawili: kodi mwana akafunsidwanso ayankha cimodzimodzi? Nanga kodi apimadi nkhawa? Mwana wa ku Sinda kapena ku Vubwi, woleledwa mwaulemu, angauze mlendo kawili konse kuti "ndili bwino" mtima uli phaphapha. Mayankho agwilizana, koma mwanayo asowa thandizo.

Conco acinyamata, mng'ono wanu akaleka kudya kapena kugona bwino, khalani naye pansi, mumumvetsele.