Mbusa wa ku Belhelvie ndi milandu ya mfuti

Khalani pansi adzukulu anga, ndikuuzeni za mfuti ya gogodera, ija makolo athu ankasakira nyama, yothira onga kukamwa ndi kugogodera ndi ndodo yachitsulo. Kachipewa ka mkuwa kamene kankayatsa mfuti imeneyo kali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo siyambira kuno ayi. Imayambira ku Scotland, m'mudzi wa Belhelvie kufupi ndi Aberdeen, kwa mbusa wa mpingo dzina lake Alexander John Forsyth.

Bambo ameneyu anabadwa mu 1768, ndipo atamwalira atate ake, amenenso anali mbusa, mpingo unamuika iye pamalo pawo. Unali mpingo wa Church of Scotland, womwe uja unadzamanga mishoni ya Blantyre mu 1876. Akamaliza ntchito ya Mulungu ankakonda kusaka abakha ndi atsekwe m'madambo a kunyanja. Koma mfuti za nthawiyo zinkamuvutitsa. Ukakoka kachitsulo ndi chala, mwala unkakhula chitsulo, zothetheka n'kugwera m'kambale ka onga kunja kwa mfuti, motowo n'kuyamba walawira panja usanalowe pakabowo kukayatsa onga wa m'kati. Mbalame ikaona kung'anima ija inkamira kapena kuuluka chipolopolo chisanatuluke. Kukagwa mvula, onga wa m'kambale unkanyowa, mfuti osalira n'komwe.

Pa nthawiyo akatswiri ankadziwa kale ufa wina umene umaphulika ukangomenyedwa, osafuna moto. Edward Howard anafotokoza za umodzi wa iwo, wochokera ku mekyule, mu 1800. Ufa woterewu unali waukali kwambiri moti sukadalowa m'malo mwa onga. Nzeru ya Forsyth inali yakuti atengeko pang'ono chabe, autsekere m'kati, kanyundo ka mfuti kaumenye, moto wake upite molunjika ku onga. Anapanga kabotolo kachitsulo kozungulira pambali pa mfuti: ukakatembenuza kankagwetsa ufa wokwanira kuwomba kamodzi, ukakabweza n'kukoka chala, kanyundo kankamenya kamsomali, mfuti phu! Chifukwa cha maonekedwe ake anthu ankakatchula kuti kabotolo ka mafuta onunkhira.

Mu 1806 anapita nayo mfutiyo ku London. Lord Moira, amene ankayang'anira zida za boma, anachita nayo chidwi, namupatsa malo ogwirira ntchito ku Tower of London. Koma chaka chotsatira udindowo unapita kwa Lord Chatham, ndipo ameneyu anamuuza mbusayo kuti alongedze katundu wake azipita. Apa ndi pamene Forsyth anatenga patenti, chikalata cha boma chonena kuti luso ili mwini wake ndi uyu, wina asapange kapena kugulitsa popanda chilolezo kwa zaka 14. Munali mu April 1807, ndipo pochilemba anathandizidwa ndi James Watt, yemwe uja wa injini za nthunzi.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa mkangano wonse unagona m'kalembedwe ka chikalatacho. Sanangolemba za kabotolo kaja. Analemba kuti chake ndi njira yonse yoyatsira mfuti pomenya ufa wophulika. Ndiye kuti aliyense wopanga mfuti amene akadatulukira kachipangizo kena, kosafanana n'komwe ndi kabotolo, malinga kakuyatsa mfuti pomenya ufawo, anali atalowa kale m'munda mwa mbusa. Forsyth anatsegula sitolo ku Piccadilly, anthu olemera osaka nyama n'kumagula, ndipo amisiri ena a mu London ataona malonda akuyenda sanaugwire mtima.

Wamkulu wa iwo anali Joseph Manton, mmisiri amene mfuti zake zinkatamandidwa ku England konse. Mu 1816 anatulutsa mfuti yoyaka ndi timibulu ta ufawo. Mu 1818 anatulutsa ina yabwino koposa: ufa unkaikidwa m'kachubu ka mkuwa, kachubuko n'kulowetsedwa pakabowo, kanyundo n'kukaphwanya. Boma linamupatsa zikalata zake nayenso. Forsyth anamusumira, ndipo bwalo linagamula mokomera mbusa. Mu 1819 anaima m'khoti ndi mmisiri wina, Isaac Riviere, napambananso. Mlandu wa Riviere maloya anapitiriza kuutchula zaka zambiri pa funso ili: anthu awiri akatulukira chinthu chimodzi aliyense payekha, mwini wake ndani? Yankho linali lakuti ndi amene wayamba kuchibweretsa poyera ndi kutenga chikalata.

Ine ndikaganiza za milanduyi mtima wanga umagawika, koma umapendekera kwa mbusa. Munthu anataya zaka akuyesa ufa woti ukadamudula zala, boma n'kumupirikitsa, ndiye amisiri olemera adye thukuta lake iye ali chete? Anachita bwino kuwasumira. Komabe chilungamo chinenedwe: kachubu ka Manton sikanali kobera maonekedwe a kabotolo, kanali nzeru yakeyake, ndipo kabotolo kanali ndi ngozi yake, chifukwa ufa wambiri unkakhala pamodzi pafupi ndi nkhope ya wowomba. Mpanda umene Forsyth anamanga unatchinga akuba, koma unatchinganso amene akadakonza luso lake kuti likhale labwinopo. Amisiri ambiri a ku Britain anangodikira kuti zaka 14 zija zithe.

Zinatha mu 1821, ndipo chimene chinapambana sichinali kabotolo kapena kachubu. Chinali kachipewa ka mkuwa kokhala ndi ufa pang'ono m'kati, kovekedwa pa kansonga kobowoka. Kameneka ndiye mwana wa atate ambiri. Joshua Shaw, Mngelezi wojambula zithunzi amene anasamukira ku America, anati ndi kake, natenga chikalata kumeneko mu 1822. Joseph Egg wa ku London anati ndi kake. Ku France kunali Prélat, nayenso ndi chikalata chake. Kachipewako kanali kotchipa, kosaopa mvula kwenikweni, ndipo mfuti zakale za mwala zinkatheka kusinthidwa kuti zikalandire. M'zaka zotsatira mfuti zotere zinadzafika kunyanja yathu ino pamodzi ndi onga, m'mitolo ya amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera kugombe, ndipo zimene zinachita m'midzi yathu ndi nkhani ya tsiku lina.

Asilikali a Britain anachedwa kwambiri. Mu 1834 ndi pamene anayesa mfuti za mitundu iwiriyi ku Woolwich, naona kuti ya mwala imakana kulira kawirikawiri pamene ya kachipewa imalira pafupifupi nthawi zonse. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1830 anayamba kusintha mfuti zawo, chikalata cha Forsyth chitatha kalekale, kotero panalibe lamulo lowakakamiza kumulipira. Apa ndiye pamandiwawa ine, kuposa za Manton. Mbusa uja anali atakalambira ku Belhelvie, akulalikirabe mpingo womwewo. Anapempha boma kuti limukumbukire, abwenzi ake namulankhulira, ndipo linamupatsa mapaundi 200. Anamwalira mu June 1843. Mapaundi ena 1,000 amene boma linavomera kuwonjezera anafika iye atapita kale, ndipo abale ake ndiwo anagawana.