Mlandu Suwola: Mbiri ya Kafukufuku wa Fodya ndi Thanzi la Munthu

Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi nkhalamba yake imene inayamba kupichira chingambwe ili mnyamata, ndipo mpaka lero ikali kugwira khasu. Mukamuuza wosuta kuti fodya amapha, amaloza kwa agogo amenewo, nkhani n'kuthera pomwepo. Agogowo ndiwo akhala mboni yaikulu ya fodya kwa zaka mazana anayi. Njoka ikaluma, mwendo umatupa tsiku lomwelo ndipo palibe amatsutsa. Fodya amadikira zaka 20 kapena 30, amatenga uyu n'kusiya uyo, ndipo akamadzatenga munthu anthu amakhala ataiwala tsiku limene anayatsa ndudu yoyamba. Mlandu wotere sungagamulidwe poyang'ana munthu mmodzi. Unafunika anthu odziwa kuwerenga maliro ambirimbiri ndi kudikira osatopa.

Kwawo kwa fodya ndi ku America. Mu 1492 amalinyero awiri a Christopher Columbus, Rodrigo de Jerez ndi Luis de Torres, anaona anthu a pachilumba cha Cuba akukoka utsi wa masamba okulunga. Tsambalo litawoloka nyanja, linalandiridwa ngati mankhwala. Cha m'ma 1560 Jean Nicot, kazembe wa France ku Lisbon, analitumiza kunyumba yachifumu ya kwawo akulitamanda kuti limachiritsa, ndipo dzina loti nikotini linachokera kwa iyeyu. Mu 1571 dokotala wa ku Seville, Nicolás Monardes, analemba kuti fodya amachiza matenda oposa 30, kuyambira dzino lobooka mpaka zilonda.

Odandaula analipo kuyambira kale. Mfumu James I ya ku England inalemba kabuku kodzudzula kusuta mu 1604, koma inali nkhani ya kunyansidwa chabe, yopanda umboni, ndipo mfumu yomweyo sinakane msonkho wa fodya. Mu 1761 John Hill wa ku London anachenjeza kuti okonda kufwenkha fodya amatuluka zotupa zoopsa m'mphuno. Mu 1795 Samuel Thomas von Sömmerring wa ku Germany anaona kuti khansa ya pamlomo imakonda osuta kaliwo. Mu 1828, ku Heidelberg, Wilhelm Posselt ndi Karl Reimann anakwanitsa kupatula chikonga, nikotini uja, m'tsamba la fodya, napeza kuti ndi poizoni. Komabe zonsezi zinali ngati madandaulo a munthu mmodzimmodzi pabwalo lopanda nyakwawa.

Chimene chinasintha zinthu ndi makina. Kale ndudu zinkapichiridwa ndi manja, ndipo zinali zodula. Mu 1881 James Bonsack wa ku Virginia analembetsa makina otha kupanga ndudu pafupifupi 120,000 patsiku. Mtengo unatsika, machesi anali paliponse, ndipo utsi wa ndudu, pokhala wofewa kuposa wa kaliwo, unkakokedwa mpaka m'mapapo. Pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, asilikali ankapatsidwa ndudu pamodzi ndi phoso lawo, ndipo anabwerera kwawo ali ndi chibaba.

Nthawi imeneyo khansa ya m'mapapo inali yosowa. Isaac Adler wa ku New York atasakasaka m'mabuku a zachipatala mu 1912, anapeza odwala 374 okha olembedwa. Mu 1919 mphunzitsi wina ku St. Louis anaitana ophunzira ake kudzaona mtembo wa munthu wofa ndi nthendayi, akuti mwina sadzaonanso wina moyo wawo wonse. Mmodzi mwa ophunzirawo, Alton Ochsner, anakhaladi zaka 17 osaonanso, kenaka mu 1936 anaona odwala 9 m'miyezi 6 yokha. Onse anali amuna osuta kwambiri, amene anayamba kusuta pa nkhondo yoyamba ija.

Oyamba kusonkhanitsa umboni mwadongosolo anali a ku Germany ndi ku Argentina. Fritz Lickint wa ku Dresden anaonetsa mu 1929 kuti odwala khansa ya m'mapapo ambiri anali osuta. Angel Roffo ku Buenos Aires anapaka phula la fodya m'makutu mwa akalulu ndipo anamera zotupa. Mu 1939 Franz Hermann Müller wa ku Cologne anayerekeza odwala ndi anthu abwinobwino, ndipo mu 1943 Eberhard Schairer ndi Erich Schöniger anachita chimodzimodzi ku Jena. Koma ntchito za ku Germany zinanunkha utsi wa ulamuliro wa Hitler, ndipo nkhondo itatha ochepa okha ndiwo ankazitchula.

Mlandu unayambikanso mu 1950. Ku America, wophunzira udokotala Ernst Wynder ndi katswiri wa maopaleshoni Evarts Graham anafalitsa zimene anapeza mwa odwala oposa 600. Ku London, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anafunsa odwala m'zipatala 20. Doll mwiniwake poyamba ankakayikira phula la m'misewu ndi utsi wa galimoto, poti zonsezi zinachuluka nthawi imodzi ndi nthendayo. Ziwerengero zinamuloza kwina: mwa amuna 649 odwala khansa ya m'mapapo, awiri okha ndiwo anali osasuta. Doll anataya ndudu kafukufuku ali mkati, ndipo anamwalira mu 2005 ali ndi zaka 92. Graham, amene mu 1933 anali woyamba kuchotsa papo lonse la wodwala khansa n'kumupulumutsa, nayenso anasiya kusuta, koma mochedwa. Khansa ya m'mapapo inamutenga mu 1957, wodwala wake uja akali moyo.

Otsutsa anali ndi mfundo yomveka. Munthu amene wagona m'chipatala akhoza kukokomeza kapena kuiwala za kasutidwe kake. Doll ndi Hill anaganiza zoyambira kumutu kwa mtsinje: kufunsa anthu akali bwino, ndi kudikira kuona amene adzayambe kufa. Anasankha madokotala anzawo, popeza dokotala sasowa m'kaundula wa boma ndipo chomupha chimalembedwa mosamala. Mu 1951 anatumiza mafunso kwa madokotala a ku Britain ndipo pafupifupi 40,000 anayankha. Pofika 1954 chithunzi chinali chitayamba kuoneka: wosuta kwambiri ndiye ankafa msanga ndi khansa ya m'mapapo. Ku America, Cuyler Hammond ndi Daniel Horn anatsatira amuna pafupifupi 188,000 napeza zomwezo, ndiponso kuti matenda a mtima ankapha osuta ambiri kuposa khansayo.

Mu 1953 Wynder, Graham ndi Adele Croninger anapaka phula la ndudu pamsana pa mbewa zoyesera, ndipo pafupifupi theka la mbewazo zinadwala khansa. Manyuzipepala anaibukitsa nkhaniyi ndipo malonda anagwedezeka. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho akuluakulu a makampani a fodya anakumana ku Plaza Hotel ku New York, ndipo pa 4 Januwale 1954 anatulutsa chikalata m'manyuzipepala oposa 400 cholonjeza kuti aika thanzi la anthu patsogolo ndi kulipirira kafukufuku wawo. Nzeru yawo inali ya munthu wodziwa milandu. Sanalimbane ndi kutsimikiza kuti fodya ndi wabwino. Anangoonetsetsa kuti mlandu usathe, ponena chaka ndi chaka kuti akatswiri sanagwirizane ndipo pakufunika kafukufuku wina. Kwa wosuta amene safuna kusiya, kukayikira pang'ono kumakwanira. Anabweretsanso ndudu zokhala ndi sefa ndi zina zotchedwa zopepuka, koma ofufuza anadzapeza kuti wosuta amangokoka mwamphamvu ndi mobwerezabwereza mpaka thupi litalandira chikonga chimene likufuna.

Chigamulo chinabwera kawiri. Mu 1962 bungwe la madokotala la Royal College of Physicians ku London linalengeza kuti kusuta kumayambitsa khansa ya m'mapapo. Pa 11 Januwale 1964 mkulu wa zaumoyo m'boma la America, Luther Terry, anatulutsa lipoti la akatswiri 10 amene anaunika zolembedwa zoposa 7,000. Analitulutsa Loweruka dala, kuopa kugwedeza msika wa masheya. Chaka chotsatira Bradford Hill anandandalika mfundo 9 zothandiza kusiyanitsa zinthu zongochitikira pamodzi ndi chinthu choyambitsadi matenda: kukula kwa kusiyana, kubwerezeka kwa zotsatira m'malo osiyanasiyana, kukwera kwa ngozi pamene mlingo wakwera, ndi zina. Mfundozi zikugwirabe ntchito pofufuza matenda amene alibe chochita ndi fodya. Machenjezo anayamba kulembedwa pamapaketi, ndipo kutsatsa ndudu pawailesi yakanema kunaletsedwa ku Britain mu 1965 ndi ku America mu 1971.

Apa makampani anasintha nyimbo: wosuta ndi wamkulu, wasankha yekha, choipa chitsata mwini. Kafukufuku anagwetsa mizati yonse iwiri ya mfundoyi. Woyamba unali woti utsi umavulaza mwini yekha. Kuyambira 1957 zinkadziwika kuti amayi osuta amabereka ana ochepa sikelo. Mu 1981 Takeshi Hirayama wa ku Tokyo, atatsatira amayi osasuta oposa 91,000 kwa zaka 14, anapeza kuti okwatiwa ndi amuna osuta ankadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo. Malamulo oletsa kusuta m'mabasi, m'ndege ndi m'maofesi anamera pa umboni wotere.

Mzati wachiwiri unali woti wosuta akhoza kusiya tsiku lililonse. Lipoti la 1964 linkatcha kusuta chizolowezi chabe. Koma katswiri wa ku London Michael Russell anafotokoza m'zaka za m'ma 1970 kuti chimene chimakokera munthu ku ndudu ndi chikonga, pamene chomupha ndi phula ndi zina za mu utsi. Chikonga chimafika ku ubongo m'masekondi osapitirira 20, n'kudzutsa timadzi topatsa chisangalalo. Ubongo ukazolowera, kusowa kwake kumabweretsa ukali, kusakhazikika ndi chibaba chodzutsa munthu pakati pa usiku. Mu 1988 C. Everett Koop analengeza m'lipoti la boma la America kuti chikonga chimagwira munthu ukapolo mofanana ndi heroin ndi kokeni. Ngakhale zinali choncho, pa 14 Epulo 1994 akuluakulu 7 a makampani a fodya analumbira pamaso pa aphungu ku Washington kuti sakhulupirira zimenezo. Patangopita milungu yochepa, zikalata zachinsinsi za kampani ya Brown & Williamson zinatulukira, ndipo mwa izo munali kalata ya 1963 ya loya wamkulu wa kampaniyo yovomera kuti chikonga chimamanga munthu ndi kuti ndicho amagulitsa. Mu 1998 makampani anavomera kulipira zigawo 46 za America ndalama zokwana madola 206 biliyoni pa zaka 25, ndi kutsegula mamiliyoni a zikalata zawo.

Umboni wotsala unabwera mwakachetechete. Mu 1996 ofufuza anaonetsa mmene benzopyrene wa mu utsi amawonongera jini yotchedwa p53, imene imaletsa maselo kuchulukana mwachisawawa. Lero tikudziwa kuti mu utsi wa ndudu muli mitundu ya makemikolo yoposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iyo imayambitsa khansa. Mu 2004 Doll ndi Richard Peto anatseka kaundula wa madokotala aja patatha zaka 50. Osuta moyo wonse anafupikitsa moyo wawo ndi zaka pafupifupi 10, ndipo theka la iwo anaphedwa ndi fodyayo. Apa ndi pamene agogo athu aja amapeza malo awo: ali m'theka lopulumuka, ndipo anzawo amene ankapatsana nawo moto sangabwere kudzachitira umboni. Munalinso uthenga wolimbikitsa. Wosiya ali ndi zaka 30 amabweza pafupifupi zaka zonse 10, wa zaka 40 amabweza 9, wa 50 amabweza 6, ndipo ngakhale wa 60 amapindula zitatu.

Mu 2003 mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana pangano lochepetsa kusuta, limene linayamba kugwira ntchito mu 2005. Chaka chomwecho cha 2003 Hon Lik wa ku China anapanga ndudu yamagetsi, yopereka chikonga popanda kuwotcha tsamba, ndipo mtsutso wake ukali mkati: ena akuiona ngati mlatho wotulukira kwa wosuta wakale, ena ngati khomo lolowera la achinyamata. Pakadali pano fodya akupha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo mwa osuta 10 aliwonse, 8 ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Msika unasamukira kumene malamulo ali ofooka.

Ife Amalawi nkhaniyi imatipeza mbali ina ya tsamba. Kuyambira pamene Imperial Tobacco Company inamanga fakitale ku Limbe mu 1908, fodya wakhala msana wa chuma chathu, ndipo mabelo a ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja. N'chifukwa chake Malawi anachedwa mpaka 2023 kulowa m'pangano la WHO lija. Koma chikonga sichidikira machesi. Mu 1970 madokotala ku Florida anafotokoza nthenda ya othyola fodya wamuwisi: tsamba likanyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chimalowera pakhungu, munthu n'kumva chizungulire, mutu, nseru ndi kusanza. Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti lonena kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi akhoza kulowetsa m'thupi chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 patsiku. Kumudzi zizindikiro zotere timathamangira kuzitcha malungo.

Kafukufuku wa fodya anayamba ndi mapapo a wosuta, anafika kwa mkazi wake ndi kwa mwana wosabadwa, ndipo mochedwa kwambiri wafika m'manja mwa tenanti wa ku Kasungu ndi mwana wake wosoka fodya m'chigafa. Madokotala a ku Britain anawerengedwa mmodzimmodzi kwa zaka 50 chifukwa mayina awo anali m'kaundula. Wothyola fodya m'mamawa mame asanakamuke naye ndi mboni pa mlandu womwewu, ndipo akudikira womufunsa dzina.