Kreh, Bernard "Lefty" (1925–2018)

Katswiri wa ku America wowedza nsomba ndi nyambo zomanga ndi nthenga, komanso mphunzitsi wa lusoli. Anabadwira ku Frederick, m'chigawo cha Maryland, ndipo anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ku Ulaya. Mu 1947 msodzi wina dzina lake Joe Brooks anamuonetsa kawedzedwe kameneka, ndipo sanakasiyenso moyo wake wonse.

Amadziwika kwambiri ndi nyambo ya Lefty's Deceiver, yomwe anaitulukira powedza ku Chesapeake Bay. Poimanga, nthenga zazitali za tambala zimakhala kumapeto kwa mbedza, pomwe ubweya wa kumchira kwa gwape umazungulira kutsogolo. Ikanyowa imakhala ngati kansomba kamoyo, ndipo poponya nthengazo sizikodwa pambedza. Mu 1991 inajambulidwa pa sitampu ya positi ya ku America.

Koma ntchito yake yaikulu inali kuphunzitsa, ndipo apa mpomwe ayenera ulemu. Ankalangiza anthu kuponya chingwe mothandizidwa ndi thupi lonse m'malo modalira dzanja lokha, njira imene inapeputsa kuponyako ngakhale kwa okalamba. Analemba mabuku ambiri, kuphatikizapo Fly Fishing in Salt Water la 1974, komanso ankalemba m'nyuzipepala ya Baltimore Sun. Anamwalira pa 14 Marichi 2018 ali ndi zaka 93.