Sitima Imene Inagwira Nchito Pansi pa Mbendera Ziwiri

Usiku uno tikamba za sitima ina ya nkhondo ya ku Norway, dziko lozizira la kumpoto kwa Ulaya. Dzina lace Gyller, ndilo dzina la kavalo wa m'nthano za makolo ao.

Anaimanga ku Horten, naitsitsira m'madzi m'caka ca 1938. Inali ya mtundu umene Azungu aucha destroyer, ndiko kuti sitima yaliwiro yoperekeza zinzace zazikulu ndi kusaka zija zoyenda pansi pa madzi. Kutalika kwace kunali ngati mapazi 240. Pakati pa sitima za nkhondo, imeneyi inali kamwana.

Pa 9 April 1940 Ajeremani anaukira Norway mosacenjeza. Gyller ndi inzace Odin zinali pa dooko la Kristiansand. Mizinga ya pa linga la Odderøya inabweza adaniwo poyamba, koma kenaka panalowa cisokonezo. Lamulo linafika lakuti asaombere sitima za Angelezi kapena Afalansa, ndipo alonda ataona mbendera ina pa sitima zobwerazo anayesa nja Afalansa. Mizinga inakhala cete. Pamene anazindikira, Ajeremani anali atalowa kale, ndipo Gyller inagwidwa iri yamphumphu.

Eni ace atsopano anaicha Löwe, ndiye mkango m'cinenero cao. Dzina lokha ukali, koma nchito anaipatsa yonyozeka: kuthandiza pophunzitsa amalinyero m'nyanja ya Baltic, ndi kutola mabomba a m'madzi amene ophunzirawo ankaponya. Inatero zaka zingapo.

Tsiku lace lalikuru linadza pa 30 January 1945. Asilikari a Russia anali kuyandikira, ndipo anthu ankathawa ku Gotenhafen, mzinda umene lero uli Gdynia ku Poland. Sitima yaikuru ya apaulendo, Wilhelm Gustloff, inanyamula anthu oposa 10,000, ambiri mwa iwo akazi ndi ana, ena asilikari. Woiperekeza usikuwo anali Löwe yekha. Sitima ya pansi pa madzi ya Russia, S-13, yolamulidwa ndi Alexander Marinesko, inailasa ndi mabomba atatu, ndipo inamira patapita ngati ola limodzi.

Ganizani, abale, kuzizira kwa usiku umenewo. Madzi a m'mwamba anali ataundana ngati mwala, kotero kuti mabwato ena opulumukiramo anakanirira pa malo ace osatsika. Munthu akagwera m'nyanja yotere sakhala moyo nthawi yaitali. Amalinyero a Löwe anayandikiza sitima yao pakati pa mafunde ndi mdima, nayamba kuvuula anthu mmodzi mmodzi. Anavuula 472, m'sitima imene anaimangira amuna osakwana 100. Sitima zina zinafika pambuyo nkupulumutsa enanso, komabe akufa anali ngati 9,000. Palibe sitima ina imodzi imene inamirapo ndi anthu ocuruka comweci.

Ena adzati Löwe inalephera nchito yace, pakuti imene inkaperekeza inamira. Nzoona. Koma ife tiona kuti colakwa cinali ca akuluakulu amene anatumiza khamu lotere ndi mlonda mmodzi wamng'ono.

Nkhondo itatha mu May 1945, sitimayo inabwezedwa ku Norway nkulandiranso dzina lace la Gyller. Anaikonza, naicotsa m'gulu la ma destroyer popeza inali itacepera sitima zatsopano, ndipo inagwira nchito yoperekeza ndi kulonda gombe la kwao. M'caka ca 1959 anaigulitsa kwa ophwasula zitsulo.