Mwana wakhanda akagonekedwa m'chipatala nthawi yaitali: zomwe banja liyenera kudziwa

Mayi akapita kukachira timayembekezera kuti pakatha tsiku limodzi kapena awiri abwerera kunyumba mwana ali m'manja. Koma alipo mabanja pakati pathu amene amatha sabata zitatu, mwezi, ngakhale miyezi iwiri ali m'wodi. Ambiri mwa ana oterewa ndi obadwa masiku asanakwane, kutanthauza kuti abadwa mimba isanafike sabata 37, kapena obadwa ndi sikelo yosafika makilogalamu 2.5. Lipoti la bungwe la WHO ndi mabungwe ena la mu 2012 linaika dziko la Malawi patsogolo pa mayiko onse pa vutoli, ana pafupifupi 18 mwa 100 alionse.

Zina mwa zomwe zimachititsa ndi malungo pa nthawi ya pakati, omwe ife a m'mbali mwa nyanja timawadziwa bwino, kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi, mapasa, komanso kutenga pakati mtsikana akadali wamng'ono. Nthawi zambiri ngakhale dokotala sapeza chifukwa chenicheni. Tikunena izi chifukwa m'midzi mwathu msanga timaloza chala mayi kapena bambo kuti anasempha mwambo. Mayi amene akulira pambali pa mwana wake safunika mlandu wina pamutu.

Mwana akadwalika, a pachipatala chaching'ono amamutumiza ku chipatala cha boma. Zikavuta, a ku Mangochi amapita ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, pomwe a ku Salima ndi Nkhotakota amapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Tsiku loyamba m'wodi ya makanda limaopsa. Kachubu kolowa m'mphuno kapena m'kamwa ndi kodyetsera mkaka, chifukwa mwana wosakhwima sanadziwe kuyamwa, kumeza ndi kupuma nthawi imodzi. Timachubu tiwiri ta pamphuno tolumikizidwa ku botolo la madzi lomwe likuchita thovu ndi makina a CPAP othandiza mapapo kuti asafote. Ena mwa makinawa amatchedwa Pumani, ndipo anapangidwa mogwirizana ndi akatswiri a Rice University ya ku America ndi madokotala a ku Queen Elizabeth. Magetsi a buluu ndi ochiza chikasu, n'chifukwa chake mwana amamuphimba m'maso. Tamvapo anthu akuti mpweya wa okosijeni ndi umene umapha ana. Si zoona. Amene amaikidwa pa mpweya ndi mwana amene wadwala kale kwambiri, ndipo kukana mpweyawo ndi kumulanda chithandizo.

Chimene tikufuna chimveke kwambiri ndi ichi: m'wodi imeneyi mayi si mlendo wodzaona wodwala. Chifuwa chake ndi mkaka wake ndi mbali ya mankhwala. Njira ya kangaru, yoika mwana pachifuwa khungu kukhudzana ndi khungu, atangovala thewera, chipewa ndi masokosi, kenako n'kumumanga ndi chitenje, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 chifukwa makina ofunditsira ana anali ochepa. Kuno kwathu inayambira pa Zomba Central mu 1999. Kafukufuku wa m'mayiko asanu, Malawi ali momwemo, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anapeza kuti kuyamba kangaru mwana atangobadwa kunachepetsa imfa za ana a pakati pa kilogalamu 1 ndi 1.8 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Thupi la mwana liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo kamwana kopanda mafuta kamazizira ngakhale kunja kukutentha ngati Okutobala wa ku Salima.

Kangaru ndi ntchito yotopetsa. Mayi amagona chotsamira, msana umapweteka, ndipo maola awiri kapena atatu alionse, usiku ndi usana, amafinya mkaka n'kumwetsa mwana ndi kakapu kapena kudzera m'kachubu. Apa ndi pamene gadiyani amafunikira zedi. Agogo, azakhali, ngakhale bambo a mwana akhoza kumunyamula pachifuwa kuti mayi asambe, adye, agoneko pang'ono. Palibe chamanyazi kwa bambo pamenepa. Mkaka ukamachedwa kutuluka masiku oyamba musataye mtima: kufinya pafupipafupi ndi kumene kumauitana.

Sikelo ndiyo imalamulira masiku a m'wodi. Masiku oyamba mwana amatsika kaye, ndipo n'zachibadwa. Kenako amayamba kukwera ndi magalamu ochepa patsiku. Funsani anamwino sikelo ya tsiku lililonse ndipo muisunge pamtima kapena papepala. Funsaninso dzina la matenda ndi ntchito ya mankhwala amene akuperekedwa. Anamwino amakhala ochepa ndi otanganidwa, komabe kufunsa mwaulemu si kuvutitsa.

Pali mafunso a chipembedzo amene amabwera kawirikawiri. Adhana m'khutu mwa mwana ikhoza kuchitidwa chapansipansi m'wodi momwemo, mutasamba m'manja ndi sopo. Dzina likhoza kuperekedwa popanda kudikira kutuluka. Aqiqa ndi kumeta tsitsi pa tsiku lachisanu ndi chiwiri ndi sunna, ndipo ma ulama amalola kuzichedwetsa, choncho musatulutse mwana m'chipatala chifukwa mbuzi yagulidwa. Tende, uchi, madzi a Zamzam kapena madzi owerengeredwa dua zisalowe m'kamwa mwa mwana ameneyu. Akhoza kutsamwa kapena kutenga matenda, ndipo uchi suyenera kupatsidwa kwa mwana aliyense wosakwana chaka. Mayi amene ali m'masiku a nifasi saswali ndipo sasala, koma dua ndi dhikri palibe chomuletsa. Ramadhani ikamupeza akuyamwitsa ndipo akuopera mwana, ali ndi chilolezo chomasula n'kudzabweza pambuyo. Mayi wina akafuna kuyamwitsa mwanayo, funsani kaye achipatala chifukwa cha HIV, ndipo kumbukirani kuti mu madhhab a Shafi'i kuyamwa kasanu mwana asanakwane zaka ziwiri kumabweretsa ubale woletsa ukwati. Mabanja onse awiri azidziwa zimenezi.

Chipatala cha boma sichilipiritsa, koma kukhala kumeneko kumadya ndalama: ufa, ndiwo, makala, sopo, thiransipoti. Kunyumba kwatsala ana ena, munda ukudikira, bambo akapanda kupita panyanja m'nyumba mulibe kanthu. Mabanja ambiri amene amathawitsa mwana chithandizo chisanathe amatero chifukwa chotopa ndi kusowa, osati chifukwa chosakonda mwanayo. Ife a pamzikiti timafulumira kusonkha pa maliro, koma pa matenda a miyezi iwiri timapita kamodzi basi n'kuiwala. Thumba la ufa, usipa wouma, kapena kutenga ana otsala kuti asajombe kusukulu ndi ku madrasa ndi sadaka imene imasunga mayi pambali pa mwana wake. Mukaona mayi wasiya kudya, sakugona, akungolira kapena sakufuna kumugwira mwana, auzeni anamwino. Matenda a nkhawa atachira alipo ndipo amathandizika.

Amatulutsa mwana akamayamwa kapena kumwa bwino, sikelo ikamakwera masiku otsatizana, ndiponso thupi likamasunga kutentha. Kangaru amapitirira kunyumba mpaka mwana afike pafupifupi makilogalamu 2.5 kapena ayambe kukana yekha, ndipo masiku a sikelo olembedwa m'buku la kuchipatala asaphonyedwe. Alendo odzaona mwana akhale ochepa, a chifuwa ndi chimfine adikire, ndipo mayi ndi mwana agone m'neti. Mwana akakana kuyamwa, akazizira kapena kutentha thupi, akamapuma mobanika, akakomoka, kapena chikasu chikafika m'manja ndi kumapazi, muikeni pachifuwa ndipo nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.