Kusankha jekete la panjinga m'nyengo yozizira

Ngati mumakhala ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Lichinga, miyezi ya Juni ndi Julayi mumaidziwa bwino. Mumadzuka tambala woyamba, kumanga thumba la mbatatesi kapena la makala pa kaliyala, n'kuuyamba ulendo wa kumsika. Pakhomo panu kunali kozizira, inde, koma kopiririka. Mutangopalasa pang'ono, mphepo yalowa m'khosi, yatsikira pacifuwa, zala zauma gwaa. Madera amenewa ndi okwera. Mzinda wa Lichinga uli pamtunda wopitirira mamita 1,300 kucokera pamene pali nyanja yamcere, ndipo munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'cifukwa cake m'bale wanu wa mumzinda wa Tete, m'mphepete mwa Zambezi, amadabwa mukamuuza kuti kwanu kukufunika jekete.

Jekete, lomwe ena timalicha kazaku, si cinthu cogula caka ciliconse. Ndalama yake ndi yomweyo imene mukanagulira sopo, mcere kapena makope a ana. Mukasankha molakwika, mudzazizidwa nyengo yonse, ndalama itapita kale. Ndiye tiyeni tione bwino tisanapise dzanja m'thumba.

Kuzizira kwa panjinga

Anthu ambiri akafika pamsika amafuna jekete lonenepa, lolemera ngati bulangeti. Amati likalemera ndiye kuti ndi lofunda. Kwa mlonda amene amakhala malo amodzi usiku wonse, zimenezo n'zoona. Koma inu simukhala pansi, mukupalasa.

Thupi lanu limatentha lokha, ndipo m'kati mwake kutentha kumakhala pa madigiri pafupifupi 37. Covala sicipanga kutentha ayi. Nchito yake ndi kusunga mpweya wofunda pafupi ndi khungu lanu. Mphepo ikadutsa m'nsalu imauluza mpweya wofundawo, thupi n'kuyambanso kutenthetsa wina. Tsono panjinga mphepo mumadzipangira nokha, ngakhale tsiku limene masamba a mitengo ali zii. Anzathu a kunyanja, ku Metangula, amaonjezerapo mphepo ya mwera. Mukamatsetsereka phiri, njinga ikuthamanga yokha, mphepo ija imakula pomwe miyendo yanu yapuma. Apo ndi pamene kuzizira kumaluma kwambiri.

Cinthu caciwiri ndi thukuta. Ganizani za citunda cija mumakwera ndi matumba awiri pambuyo, mwina kutsika n'kumakankha. Mukafika pamwamba, msana wanyowa. Madzi amacotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri, kuwirikiza ka 20 ndi kupitirira poyerekeza ndi mpweya. Ndiye malaya onyowa aja akakumana ndi mphepo ya potsetsereka, mumanjenjemera ngakhale mwavala cijekete cikulu. Inenso zinandicitikira. Caka cina ndinagula cijekete colemera, ndikudziona ngati ndapambana msika wonse. Sabata yoyamba yomweyo ndinkafika kunchito thukuta lili kamukamu, kenako n'kuyamba kunjenjemera ndili m'kalasi. Ndinacipereka kwa amalume amene amalondera pacigayo, ndipo iwo amacikonda mpaka lero.

Conco jekete labwino la panjinga ndi lopepuka, lochinga mphepo, lotseguka mosavuta mukatenthedwa. Kufunda kwenikweni kucokere ku juzi yomwe mwavala m'kati. Zovala ziwiri kapena zitatu zopyapyala zimaposa cimodzi conenepa, cifukwa pakati pa covala ndi cinzake pamatsala mpweya wofunda. Pokwera citunda tsegulani zipi thukuta lisanayambe, mukafika pamwamba tsekani mpaka m'khosi. Dzuwa likakwera, vulani juzi muimange pa kaliyala.

Pamulu wa kalamidade

Ambirife majekete timawapeza pa kalamidade, zovala zakale zocokera kunja zija zimene anzathu a ku Malawi amati kaunjika. Dzina lakuti kalamidade linacokera ku zovala za cithandizo zomwe zinkabwera m'dziko muno pa nthawi ya nkhondo ndi cilala. Musacite manyazi kugula pamenepo. Jekete lakale losokedwa bwino nthawi zambiri limakhalitsa kuposa latsopano lochipa, lonyezimira, lomwe zipi yake imafa mwezi usanathe. Koma pamulu palibe kubweza. Mukacoka nalo, ndi lanu basi.

Yambani ndi kuyesa mphepo. Ikani nsalu ya jekete pakamwa, dzanja lanu kuseri kwake, muuzire mwamphamvu. Mukamva mpweya ukufika padzanja mosavuta, dziwani kuti mphepo ya pamsewu idzalowanso cimodzimodzi. Mukaumva pang'ono cabe, kapena osaumva n'komwe, nsaluyo ikuchinga. Majuzi oluka ndi aja ofewa ngati bulangeti amalephera mayeso amenewa. Si oipa ayi, ndi abwino kuvala m'kati, koma paokha panjinga sakwanira.

Kenako zipi. Ikokeni kukwera ndi kutsika katatu kapena kanayi, muone ngati ikutseka mpaka pakhosi, cifukwa mphepo yambiri imalowera pamenepo. Zipi yakufa telala atha kuisintha, koma funsani kaye mtengo wake, mwina kukonzako kungadye ndalama yofanana ndi ya jekete lenilenilo. Litembenuzeni muone m'khwapa, m'mapewa ndi m'matumba ngati ulusi sunamasuke. Likwezeni kudzuwa, timabowo tating'ono timaonekera pamenepo. Ngati m'kati mukusendeka zinthu ngati utoto woyera n'kumatsala m'manja mwanu, lisiyeni, latha nchito. Majekete ooneka ngati cikopa pomwe si cikopa amasendekanso comweco.

Tsopano livaleni. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amaima njo ngati akujambulitsa cithunzi, n'kunena kuti lakwana. Kodi panjinga mumaima njo? Weramani, mutambasule manja kutsogolo ngati mwagwira mahandulo. Manja a jekete afikebe pamkono pamene mumavala wochi. Kumbuyo kuphimbe m'ciuno, msana usatsale poyera. M'mapewa musathine. Popita kumsika valani juzi yanu, kuti jekete muliyese pamwamba pake. Lisakule mpaka mphepo kumalifufumitsa ngati thanga la ngalawa, cifukwa likatero mumapalasa movutika ndipo mpweya wofunda umathawa. Likakhala ndi lasitiki kumapeto kwa manja ndi m'munsi, ndiye mwapeza.

Jekete lalitali lofika m'mawondo lisiyireni oyenda pansi. Limakola pacishalo potsika, ndipo mpendero wake utha kulowa m'masipoko. Zingwe zolendewera nazo zimangeni kapena ziduleni. Amayi, jekete lofika m'ciuno limagwirizana bwino ndi kapulana, bola nsonga ya kapulana ikhale kutali ndi cheni ndi tayala. Cipewa cija cosokedwa kumodzi ndi jekete cimafunditsa makutu, koma mukaceuka cimakutsekani maso, ndipo galimoto yocokera kumbuyo simuimva bwino. Cipewa coluka cogwira mutu n'cabwino kuposa cimeneco.

Kansalu kolembedwa ka m'kati

M'kati mwa jekete, pakhosi kapena m'mbali ca kumunsi, mumakhala kansalu koyera kolembedwa. Kale mwina munkangokadumpha. Tsopano mutha kukawerenga nokha, osangodalira zonena wogulitsa. Zilembo zikuluzikulu zimanena kukula kwa covala: S ndi laling'ono, M ndi lapakati, L ndi lalikulu, XL ndi lalikulu kwambiri. Komabe livaleni ndithu, cifukwa L wa dziko lina amafanana ndi M wa dziko lina.

Pamalembedwanso mtundu wa ulusi, pamodzi ndi nambala yokhala ndi cizindikiro ici: %. Mukaona 100%, ndiye kuti nsalu yonse ndi ya ulusi umodzi womwewo. Mawu ake amabwera m'Cipwitikizi, m'Cingerezi kapena m'cinenero cina, malinga ndi kumene covala cinacokera. Algodão kapena cotton ndi thonje. Thonje limamwa madzi n'kuwasunga, ndipo limacedwa kuuma. N'cifukwa cake jekete la jinzi, ngakhale likuoneka lolimba, silithandiza m'mawa wa nkhungu. Poliéster kapena polyester, komanso nylon kapena poliamida, ndi ulusi wa kufakitale. Ndi wopepuka, sumwa madzi ambiri, umauma msanga. Jekete la pamwamba likhale la ulusi umenewu. Lã kapena wool ndi ubweya wa nkhosa, umene umafundabe ngakhale utanyowa pang'ono. Juzi ya ubweya mukaipeza pamtengo wabwino, musaisiye.

Majekete ofufuma okhala ndi nthenga m'kati ndi ofunda zedi akakhala ouma, koma akanyowa nthenga zija zimamatana n'kusiya kufunditsa. Zimenezi muziganizire, cifukwa nyengo yozizira imakhala ndi masiku a nkhungu ndi kamvula kowaza kamene ambiri amati ciperoni, dzina locokera ku phiri la Chiperone la ku Zambézia. Jekete la nylon limapirira kamvula kotere. Koma musathamangire jekete la pulasitiki la mvula. Madzi a kunja salowa, zoona, koma thukuta nalo silituluka, ndiye mumanyowa kucokera m'kati. Limenelo lisungireni masiku a mvula yamphamvu.

Oyendetsa galimoto azikuonani

Mtundu wa jekete si nkhani ya kukongola kokha. M'bandakuca, nkhungu ikadali pansi, woyendetsa lole kapena basi saona munthu wovala zakuda mpaka atamufika pafupi, ndipo lole yodzaza siima pomwepo. Sankhani lacikasu, looneka ngati lalanje, kapena lobiriwira lowala. Ndikudziwa, lakuda silionetsa litsiro, ndiponso ndi limene limaculuka pamulu. Ngati mwapeza lakuda lokha, pemphani telala asokerepo timizere tonyezimira tija ta pa zovala za ogwira nchito mumsewu, kumsana ndi m'manja. Usiku nsalu yowala payokha sikwanira. Timizere timeneti ndi timene timabweza kuwala kwa nyali za galimoto. Njinga nayo ikhale ndi nyali yake.

Mtengo

Kuzizira kukayamba aliyense amafuna jekete, ndipo ogulitsa amazidziwa zimenezo. Ngati mungathe, gulani mu Epulo kuzizira kusanafike, kapena mu Seputembala pamene ogulitsa akufuna kucotsa zotsala. Tsiku lotsegula belo latsopano mumasankha zabwino, koma mtengo umakhala wokwera. Pakapita masiku umatsika. Nenererani mwaulemu, ndipo mukapeza kacilema, monga thumba long'ambika, kaonetseni: "Amayi, taonani apa, ndikasoketsa ndekha, nditsitsireniko pang'ono."

Tiyerekeze kuti m'thumba muli mametikali 600. Musawathere onse pa jekete. Siyani ena a magolovesi ndi cipewa coluka. Zala zikauma ndi kuzizira sizigwira mabuleki msanga, ndipo potsetsereka ndi katundu kapena ndi munthu pambuyo, kucedwa pang'ono kokhako n'koopsa.

Nanga ndalama zikavuta caka cino? Pali njira yakale imene ocita mpikisano wa njinga ku Ulaya, monga wa Tour de France, akhala akuigwiritsa nchito kwa zaka zambiri. Akafika pamwamba pa phiri amalowetsa nyuzipepala pacifuwa, m'kati mwa malaya, kuti ichinge mphepo potsika. Inunso ikani mapepala awiri kapena atatu pakati pa malaya ndi juzi. Si jekete, koma mudzamva kusiyana kwake.

Mukafika nalo kunyumba jekete lanu, licapeni kaye musanalivale, muliyanike padzuwa liume bwinobwino. Nylon ndi poliéster zimasungunuka ndi moto, conco musalisite ndi simbi ya makala, ndipo madzulo pootha moto livuleni kapena khalani patali. Kanthethe kamodzi kokha kamaboola nsaluyo. Bowo laling'ono litsekeni ndi cigamba lisanakule. Zipi ikayamba kulimba, pakani kandulo kapena sopo wouma m'mano mwake, idzayendanso bwino.